Kuika mawu pa YouTube ngati vidiyo osawaononga: njira zimene munthu wosaona angasankhe

YouTube salandira fayilo ya mawu okha. Mukaipatsa MP3 kapena WAV imakana, ndipo Facebook, Instagram ndi TikTok nazonso zimadikira vidiyo. Choncho amene wajambula nyimbo, ulaliki, zokambirana kapena phunziro la kagwiritsidwe ntchito ka NVDA, pulogalamu yowerenga sikirini imene imalankhula zolembedwa pa kompyuta, amayenera kuyamba wawaveka mawuwo chithunzi kuti alowe. Kwa womvera wosaona, mawu ndiwo uthenga wonse, ndipo akaphwanyika palibe china choti agwirepo. Wokwezayo akakhalanso wosaona pamabwera vuto lachiwiri: mapulogalamu ambiri opangira mavidiyo anawakonza kuti zinthu uzizikoka ndi mausi, ndipo pulogalamu yowerenga sikirini ikafika pamenepo imangoti batani, batani, osanena kuti ndi batani la chiyani.

Njira iliyonse tiiyesa ndi mafunso awiri. Kodi imawakhudza mawu, kapena imawasiya mmene alili? Nanga munthu angaiyende yonse ndi kiyibodi ndi makutu, n'kutsimikiza yekha kuti zatheka?

Pamene mawu amaonongekera

WAV ndi FLAC sizitaya kanthu. MP3, AAC ndi Opus zimachepetsa fayilo potaya tizigawo ta mawu timene khutu silingatizindikire msanga. Kufinya kamodzi ndi bitrate yokwanira, ndiko kuti kuchuluka kwa deta pa sekondi iliyonse ya mawu kumene kumayezedwa mu kbps, sikumveka kwenikweni. Choononga ndi kubwereza. Pulogalamu yofinya kachiwiri sidziwa kuti fayiloyo inafinyidwa kale, ndiye zilema zimene kufinya koyamba kunasiya imazitenga ngati mawu enieni, n'kuwonjezerapo zake. Zili ngati kujambula kaseti kuchokera pa kaseti ina imene nayonso inakoperedwa.

Tawerengani ulendo umene fayilo imayenda kawirikawiri. Foni yajambula mu AAC, ndiko kufinya koyamba. Mwaitsegula mu Audacity, pulogalamu yokonzera mawu, mwadula kutsokomola, mwasunga ngati MP3 ya 128 kbps, kwachiwiri. Webusaiti yopangira vidiyo yasandutsa MP3 ija kukhala AAC, kwachitatu. YouTube yafinyanso, kwachinayi. Pa kufinya konseku, kumene simungakupewe ndi kwa YouTube kokha.

Zotsatira zake zimamveka m'malo odziwika. Zilembo za s ndi sh zimayamba kuphwa, kuomba m'manja kumasanduka phokoso losokonekera, ndipo kulira kwa chipinda kumene kumatsalira woyimba akasiya kumanjenjemera. Pa maphunziro ojambulidwa ndi mawu a makina a pulogalamu yowerenga sikirini, monga eSpeak kapena Eloquence, othamanga kwambiri, zilembo zophulika monga t, k ndi p ndizo zimathandiza womvera kusiyanitsa mawu, ndipo ndizo zimayamba kupakika. Munthu amene amamva bwino liwiro limenelo pa kompyuta yake amapezeka akubwereza vidiyo chifukwa sanamve ngati mwadina T kapena P.

YouTube imatenga chilichonse chimene mwaipatsa n'kupanga makope ake, ina mu AAC ya pafupifupi 128 kbps, ina mu Opus ya bitrate yoyandikana nayo. Mawu ndi zithunzi zimatumizidwa kwa womvera padera, choncho kukweza vidiyo ya 4K poganiza kuti mawu amveka bwino ndi kungotaya deta. Malangizo a YouTube amatchula AAC-LC ya 48 kHz, 384 kbps pa stereo ndi 128 kbps pa mono, koma imalandiranso mawu osafinyidwa m'fayilo ya MOV. Mtengo wake ndi kukula kwa fayilo. WAV ya 44.1 kHz, 16-bit, stereo imadya pafupifupi 10 MB pa mphindi. Ya 48 kHz, 24-bit imafika 17 MB pa mphindi, ndiye kuti ola limodzi ndi gigabyte yathunthu. AAC ya 320 kbps ndi 2.4 MB pa mphindi.

Njira zosavuta, ndi chimene zimabisa

Kuseweretsa mawu pa foni uku mukujambula sikirini ndi njira imene ambiri amayambira chifukwa sifuna kompyuta. Ndi yoipa kuposa zonse. Pulogalamu yowerenga sikirini ya pa foni, VoiceOver kapena TalkBack, ikalankhula ikhoza kulowa m'vidiyo, uthenga ukafika belu lake likhozanso kulowa, ndipo mafoni ena amajambula kudzera pa maikolofoni, kutanthauza kuti mawu adutsa pa sipika yaing'ono n'kusakanikirana ndi phokoso la m'chipinda. Ulaliki wa ola limodzi umafunanso kuti foni ikhale chete ola lathunthu.

Mawebusaiti amene mumawapatsa chithunzi ndi MP3 n'kukubwezerani vidiyo ali ndi ubwino umodzi weniweni: ambiri ndi fomu chabe, ndipo fomu pulogalamu yowerenga sikirini imaiyenda bwino. Koma ambiri sanena bitrate imene agwiritsa ntchito, ndipo aulere amaika malire a kukula kwa fayilo, zimene zimakukakamizani kufinya WAV yanu musanayambe n'komwe. Ena amadinda chizindikiro chawo pa chithunzi, ndipo inu simudziwa mpaka wina atakuuzani. Ena amapempha chilolezo cholowa mu akaunti yanu ya YouTube kuti akweze okha. Ngati vidiyo mukuitsitsa kaye, deta mumaidya katatu: kukweza, kutsitsa, kukwezanso. Pa uthenga wachidule wa mawu olankhula zimatheka. Pa nyimbo, ayi.

PowerPoint imagwirizana bwino ndi NVDA ndi JAWS (inanso yowerenga sikirini), ndipo ambiri ali nayo kale. Mumapanga tsamba limodzi, kulowetsa mawu kudzera pa Insert, kusankha kuti aziyamba okha pa Start, kenako kutulutsa MP4 pa Export. Pamenepo pali nambala ya masekondi a tsamba lililonse imene imayambira pa 5, choncho mvetserani vidiyo yotulukayo mpaka kumapeto musanaikweze. iMovie pa Mac imamveka ndi VoiceOver, koma chithunzi chimalowa ndi masekondi 4 okha ndipo muyenera kuchitalikitsa kuti chifanane ndi mawu. Imachiyendetsanso pang'onopang'ono pokhapokha mutazimitsa Ken Burns. Potulutsa MP4, zonse ziwirizi zimafinya mawu mu AAC, ndipo simupatsidwa mpata weniweni wosankha bitrate. Mukazipatsa WAV zotuluka zimakhala zomveka ndithu. Mukazipatsa MP3 mwawonjezera kufinya kosafunika.

Amene amakonza mawu awo mu Reaper ndi OSARA, chowonjezera chimene chimachititsa Reaper kulankhula ndi pulogalamu yowerenga sikirini, angatulutse vidiyo mwachindunji. Chithunzi chimaikidwa pa track yakeyake n'kutalikitsidwa, ndipo pa Render mumasankha mtundu wa vidiyo ndi mawu a PCM, mtundu wosafinyidwa ngati wa mu WAV. Apa mawu amachoka pa ntchito yoyambirira kupita mu MOV osafinyidwa. Koma kuphunzira Reaper kuti mungopanga vidiyo ya chithunzi chimodzi ndi ntchito yochuluka kuposa phindu lake. Audacity ndi yabwino podula ndi kukonza, koma vidiyo situlutsa.

FFmpeg: zonse ndi zolemba

FFmpeg ndi pulogalamu yaulere imene Fabrice Bellard anaiyambitsa mu 2000. Ilibe mabatani. Mumailembera mzere wa lamulo, nayo imakuyankhani ndi zolemba, ndipo chimene anthu oona amachiona ngati chovuta ndicho chimaipangitsa kukhala yomasuka kwa wosaona. Chachikulu, ndi yokhayo pa njira zonsezi imene mungailamule kuti mawu isawakhudze n'komwe.

Pa Windows imalowa ndi winget install ffmpeg, pa Mac ndi brew install ffmpeg. Kuti muyambire mu foda imene muli mafayilo anu, tsegulani fodayo mu File Explorer, dinani Alt ndi D, lembani cmd, dinani Enter. Lamulo lake ndi ili:

ffmpeg -loop 1 -framerate 5 -i chithunzi.jpg -i mawu.wav -map 0:v -map 1:a -c:v libx264 -tune stillimage -pix_fmt yuv420p -vf scale=1280:-2 -c:a copy -shortest vidiyo.mov

Mtima wa mzerewu ndi -c:a copy. Amatanthauza kuti mawu anyamulidwe mmene alili n'kuikidwa m'fayilo yatsopano. Mukaiwala mbali imeneyi, FFmpeg imasankha yokha AAC ya bitrate yotsika, ndipo ubwino wonse wa njirayi watha popanda chenjezo lililonse. Zina zonse zikukhudza chithunzi. -loop 1 amachibwereza, -shortest amaimitsa vidiyo mawu akatha, ndipo kuiwala -shortest kumachititsa FFmpeg kupitiriza mpaka disiki itadzaza kapena mutadina Q. -pix_fmt yuv420p amathandiza kuti vidiyo itseguke pa foni ndi pa TV. scale=1280:-2 amathetsa cholakwika chimene chimagwetsa anthu ambiri, pamene libx264, mbali imene imafinya chithunzi, imakana chithunzi chimene m'lifupi kapena m'litali mwake ndi nambala yosagawika ndi 2. Mbali za -map zilipo chifukwa MP3 zambiri zimakhala ndi chithunzi cha chikuto mkati, ndipo FFmpeg ikhoza kusankha chimenecho m'malo mwa chanu.

Ngati mulibe chithunzi, kapena simukufuna kuika chithunzi chimene simukudziwa kuti chikuonetsa chiyani, FFmpeg ipanga sikirini yakuda:

ffmpeg -f lavfi -i color=c=black:s=1280x720:r=5 -i mawu.wav -map 0:v -map 1:a -c:v libx264 -pix_fmt yuv420p -c:a copy -shortest vidiyo.mov

Mbali ya zithunzi imakhala yaing'ono kwambiri moti fayilo imangokula pang'ono kuposa mawu. Lembani mu mutu wa vidiyo kuti ndi mawu okha, chifukwa woona akapeza mdima amaganiza kuti vidiyo yaonongeka n'kuchoka. Malo ena osati YouTube amavuta ndi vidiyo ya mafelemu ochepa chonchi. Mukakanidwa, sinthani 5 kukhala 25.

Kumapeto kwa dzina la fayilo kuli ndi ntchito. WAV ikani mu MOV, chifukwa FFmpeg zakale zimakana PCM mu MP4 ndi uthenga wakuti sizinapeze tag ya codec, kutanthauza mtundu wa kasungidwe ka mawuwo. M4A ya pa foni ndi MP3 zimalowa mu MP4 ndi copy popanda vuto, ndipo pamenepo ndi pamene copy amapulumutsa kwambiri, poti mawu ofinyidwa kale sakufinyidwanso. FLAC ndi Opus, kuphatikizapo mauthenga a mawu a WhatsApp, sizilowa mu MOV ndi copy. Pa zimenezi lembani -c:a pcm_s16le, kapena pcm_s24le ngati FLAC yanu ndi ya 24-bit. Kumasula fayilo yofinyidwa kukhala PCM sikubweza zimene zinatayika, koma sikutayanso zina; fayilo imangokula.

Intaneti ikakhala yochedwa moti gigabyte singakwere, finyani kamodzi mwadala kuchokera pa WAV: m'malo mwa copy lembani -c:a aac -b:a 320k, ndipo dzina lithere ndi mp4. Pa mawu olankhula kusiyana kwake ndi WAV kukadutsa pa YouTube n'kovuta kukumva, ngakhale ndi mahedifoni abwino. Ife tingasungire PCM nyimbo ndi zojambula za stereo yeniyeni.

FFmpeg ikamagwira ntchito imalemba mzere wosintha nthawi zonse, ndipo NVDA imauwerenga osapuma. Onjezani -hide_banner -nostats pambuyo pa dzina lakuti ffmpeg, kapena dinani NVDA ndi 5 kuti isiye kunena zosinthazo. Dzina la fayilo lokhala ndi mpata liikeni pakati pa zizindikiro za mawu ogwidwa. Ndipo kuti musamalembe zonsezi nthawi iliyonse, sungani lamulo la sikirini yakuda mu Notepad ngati vidiyo.bat, m'malo mwa mawu.wav mulembe "%~1", m'malo mwa vidiyo.mov mulembe "%~dpn1.mov". Dinani Windows ndi R, lembani shell:sendto, ikani fayiloyo mu foda imene yatseguka. Kuyambira pamenepo mumangoima pa WAV iliyonse, Shift ndi F10, Send to, vidiyo, ndipo MOV imatuluka pambali pake.

Kutsimikiza nakonso sikufuna maso. Lamulo lakuti ffprobe vidiyo.mov limalemba codec, ma kHz, ndiponso ngati ndi mono kapena stereo. Limagwiranso pa vidiyo yochokera ku webusaiti kapena PowerPoint, ndipo pamenepo ndi pamene mumadziwa zimene anachita ndi mawu anu. Pa WAV ya 16-bit mungapite patali: ffmpeg -i mawu.wav -map 0:a -f md5 - limatulutsa mzere wa zilembo ndi manambala 32. Chitaninso chimodzimodzi pa vidiyo.mov. Mizere iwiriyo ikafanana, mawu sanasinthe ngakhale pang'ono.

Pali njira inanso ya amene ali kale ndi podcast. YouTube Studio imalola kulumikiza RSS ya podcast, adilesi imene mapulogalamu omvererapo podcast amatengako zigawo zake, ndipo imapanga yokha vidiyo ya chithunzi chosasuntha pa gawo lililonse. Palibe chopanga pamanja, koma chimene YouTube imatenga ndi MP3 ya pa RSS, imene inafinyidwa kale. Ngati MP3 imeneyo ndi ya 64 kbps, kufinya kwachiwiri kudzamveka.

Mphamvu ya mawu, imene copy sangakonze

Fayilo ikhoza kufika yosakhudzidwa koma n'kumavutitsa womvera chifukwa cha voliyumu. YouTube imatsitsa mavidiyo ofuula kufika cha pa -14 LUFS (muyeso wa kufuula kwa mawu, umene ukayandikira 0 ndiye kuti akufuula kwambiri), koma otsika siwakweza. Kupanikiza nyimbo kuti ifuule ndiye kuti sikupindula kanthu, poti idzatsitsidwa koma kupanikizika kudzatsala. Kutsika kwambiri kumapweteka wosaona mwapadera. Vidiyo yanu ikakhala pa -26 LUFS, womvera amakweza voliyumu ya foni kuti amve, kenako VoiceOver ikanena kuti batire yatsala pang'ono imamuphulikira m'makutu, chifukwa zonse zimadutsa pa mahedifoni amodzi.

Yezani ndi ffmpeg -nostats -i mawu.wav -af loudnorm=print_format=summary -f null - ndipo muwerenge mizere iwiri: Input Integrated ndi Input True Peak. Woyamba ukhale pakati pa -16 ndi -14. Wachiwiri usapitirire -1, chifukwa kufinya mu AAC kapena Opus kumakweza nsonga za mawu pang'ono, ndipo fayilo yofika pa 0 imayamba kung'ambika ikafinyidwa ngakhale inali yoyera pa kompyuta yanu. Ngati pakufunika kukweza ndipo nsonga zikulola, lembani -af volume=4dB pamodzi ndi -c:a pcm_s24le; kusintha voliyumu ndi copy sizingayendere limodzi ndipo FFmpeg imakana. loudnorm igwiritseni ntchito poyeza chabe. Mukailola kukonza yokha ikhoza kumakweza ndi kutsitsa mkati mwa nyimbo, ndiponso imasintha fayilo kukhala 192 kHz mukapanda kuiuza zina. Ngati nsonga zatsekereza kukweza, bwererani ku Audacity kapena Reaper mukaike limiter, chotsitsa nsonga zokha, pa fayilo yoyambirira.

Kuyambira 2023 YouTube ili ndi Stable volume, imene imafananitsa mbali zotsika ndi zokwera pamene munthu akumvera. Pa zokambirana imathandiza. Pa sewero la mawu kapena kujambula kwa mvula ndi mbalame imafafaniza kusiyana kumene munakufuna, choncho uzani omvera mu malongosoledwe kuti aizimitse pa Settings ya vidiyoyo.

Stereo isamalireninso. Kujambula kwa binaural, kumene kumathandiza womvera kudziwa kuti galimoto yadutsa kumanzere kapena chitseko chatsekedwa kumbuyo, kumafa pulogalamu ikaphatikiza mbali ziwiri kukhala mono. Mbali ina ya nkhaniyi ndi maikolofoni imodzi yojambulidwa ku khutu lamanzere lokha. Imeneyo ikonzeni musanapange vidiyo, chifukwa osaona ambiri amavala hedifoni kukhutu limodzi kuti linalo lizimva za pamalo, ndipo amene wavala ya kumanja samva kanthu. Ma kHz musawasinthe: fayilo ya 44.1 isiyeni choncho, YouTube isintha yokha.

Mukakweza

Akaunti yosatsimikizidwa ndi nambala ya foni imaloledwa mphindi 15 zokha. Ikatsimikizidwa malire ndi maola 12 kapena 256 GB. Kwezani kaye ngati Unlisted, dikirani kuti YouTube imalize kukonza, mumvere ndi mahedifoni poyamba, pakati ndi pomaliza, kenako muitsegulire anthu. Pa zojambula zazitali lembani nthawi za zigawo mu malongosoledwe, yoyamba ikhale 0:00, zikhale zitatu kapena kuposa, chilichonse masekondi 10 kapena kuposa. Nthawizo zimasanduka malinki amene pulogalamu yowerenga sikirini imawapeza mosavuta kuposa kusaka malo ndi makiyi a J ndi L obwerera m'mbuyo ndi kupita patsogolo.

Ngati mawuwo ndi nyimbo kapena kujambula kumene 128 kbps singakukwanitse, ikani fayilo yoyambirira pa Internet Archive kapena Bandcamp, imene imafuna WAV, AIFF kapena FLAC pokweza, ndipo linki yake ikhale mzere woyamba wa malongosoledwe. Potumiza vidiyo kwa mnzanu kuti akuthandize kukweza, pa WhatsApp sankhani Document, osati Gallery. Gallery imafinya vidiyo ndi mawu omwe, pamene Document imatumiza fayilo mmene ilili, ndipo kuyambira 2022 imalola mpaka 2 GB.